Kansanza Kofiira ka pa Galasi

Amene anapha amuna a mayi uyu si wina, ndi alamu ake, ndipo anawapha ndi sizasi. Asakunamizeni kuti ndi lole, kapena nkhungu, kapena kuti tsiku lawo linakwana. Lole ija inali mbali yake. Nkhungu imagwa m'phiri muja chaka chonse. Koma sizasi anagwira ndi alamu.

Mayiyu anafika kudziko la eni ndi amuna ake ataitanidwa ndi alamuwo, akulu awo a malemu, amene ali ndi shopu ya gasi wophikira kumunsi kwa tauni. Anaumiriza ulendowo ndi mayi yemweyu, poti anatopa ndi denga lodontha. Ntchito ya amuna akewo inali yomangirira masilinda pa njinga yamoto nkukwera nawo kumidzi ya m'phiri. Msewu wake wopapatiza ngati lamba: uku thanthwe, uku phompho, pakati matope ndi miyala yogumuka, makona osaona kutsogolo.

Njinga malemu ankaidziwa. Kwawo anakwezapo anthu, mbuzi, ngakhale chitseko. Chovuta chinali chimodzi basi: kwawo galimoto zimayenda kumanzere, kuno kumanja. Mutu unamva msanga, koma manja anakana. Msewu ukakhala zii ankayenda bwinobwino, koma chinthu chikangotulukira mwadzidzidzi, manja ankathawira kumanzere ngati mbuzi yothamangira kukhola lakale.

Poyamba mayiyu ankakwera kumbuyo masiku opuma, nkumawatsina ntchafu yakumanja pa kona iliyonse.

"Mkazi iwe, ukundiphunzitsa kapena ukundibwezera?" ankakuwa malemu uku akuseka. "Ndikafika mwendo ulipo koma?"

"Bola kufika opanda mwendo kusiyana ndi kusafika."

Mayiyu atapeza ntchito yochapa nsalu za pahotela, anang'amba kansanza ku mpango wake wofiira nkukamanga pa galasi lakumanja. "Mukaona zoopsa musaganize ayi," anawauza. "Ingothawirani kuli ine." Ndipo ankathawiradi. Mvula yonse ija anakwera nkutsika, osakanda ngakhale bondo.

Kenaka alamu anayamba kung'ung'udza. Ati makasitomala akuseka, akuti alendowa amamanga zithumwa pa njinga. Ati iwo akhala kuno zaka zambiri akudzisungira ulemu, wina asabwere kudzawachititsa manyazi ndi nsanza. Tsiku lina anatenga sizasi yodulira tepi, khwa! Mng'ono sayankha mkulu pamaso pa antchito. Malemu anangotola kansanzako nkubwera nako kunyumba m'thumba la malaya.

"Usapse mtima, mayi," anatero. "Ndazolowera tsopano."

Mayiyu akanapita tsiku lomwelo kukagubuduza shopu yonse. Pakamwa anali napo. Koma chipinda ankagonamo chinali cha alamu omwewo, ndiye anameza mawu, nkuika kansanzako pansi pa pilo. Mawu amenewo mpaka lero ali pakhosi.

Sabata isanathe, lole inatulukira pa kona ya kumtunda, ili mbali yake, nkuliza hutala. Kumanja malo analipo, okwana njinga ziwiri. Malemu anakhotera kumanzere. Dalaivala wa loleyo anabwera kuchipatala. Chilankhulo sankamvana, koma analoza pachifuwa pake ndi manja onse awiri, ndipo mayiyu anamva: anabwera yekha kwa ine.

Pamaliro alamu analira kuposa aliyense. Kwawo anaimba foni kuti ndi chifuniro cha Mulungu.

Ndiye m'mawa wina, miyezi itapita, mayiyu akudutsa pa shopu popita kochapa, anaona njinga ija. Aiwongola, aipenta, galasi latsopano mbee. Pambali pake munthu atawerama akukoka chingwe cha masilinda. Msana umenewo anaudziwa. Anali mlongo wake weniweni, wobadwa pambuyo pake, bambo wa ana atatu.

"Achimwene! Mwafika liti?"

"Dzana, achemwali. Alamu anati tikudzidzimutseni madzulo ano."

"Andidzidzimutsa kale kamodzi. Zakwana."

Alamu anatuluka akupukuta m'manja. "Mlamu, musayambe. Munthuyu ntchito akuifuna, ana ake akuvutika. Njinga amaidziwa."

"Uja sankaidziwa?"

"Tamuuza za kumanja. Si mwana."

"Mwauza mutu. Manja mwawauza?"

Antchito anasiya kugubuduza masilinda. Mayiyu anapisa m'chikwama momwe kansanzako kankakhala tsopano, katafwifwa, mbali yodulidwa ija ili yowongoka bwino. Anakamanga pa galasi lakumanja, nkukoka mfundo ndi mano. Kenaka analowa m'shopu osaodira, natenga sizasi ija pa kauntala, nkuwapatsa alamu m'manja.

"Nayi. Dulani ndikuona. Dulani, kenaka mukaimbe foni kuti ndi Mulungu."

"Mlamu, anthu akuona."

"Aone! Mumaopa kusekedwa. Pamene tinkamunyamula m'phompho muja, anaseka ndani?"

Alamu anayang'ana sizasi, nayang'ana pansi. Sanadule, komanso sanapepese. Anangoilowetsa m'thumba la ovololo nkubwerera mkati.

"Achemwali, zimenezi ndi zachani?" anafunsa mlongo wake monong'ona.

"Mukaona zoopsa musaganize. Thawirani kuli kansanzako. Ndipo ngati mumandimvera, tsikani pa njingapo mubwerere kwathu."

"Ndikabwerera ndi chiyani m'manja?"

Ndi funso lomwelo limene mayiyu anafunsa amuna ake denga likudontha.

Mlongo wake anavala chisoti, napondereza njinga, nailiza. Potuluka pa geti, mayiyu anaona ndi maso ake: njinga inalowera kumanzere, mwee, ngati ili kwawo. Basi inaliza hutala. Munthu anagwedera, chisoti chinatembenukira ku galasi, nkukhotera kumanja. Kenaka anapita, kansanza kakupepheruka, mpaka phiri linamumeza.

Mayiyu sanapite kochapa. Anakhala pa silinda yopanda kanthu pa geti pomwepo, maso kumtunda. Alamu atumizapo tiyi, wazizira osakhudzidwa. Aliyense wodutsa akumufunsa funso limodzi, kaya akumva chilankhulo chake kaya ayi, ndipo inunso simuthawa. Munthu wodula kansanza ka mnzake kuti asasekedwe, mnzakeyo nkufa, mumati wapanga ngozi kapena wapha? Musayang'ane kumbali. Muyankheni.