Matope a Graciete pa Uvuni wa Nsomba

Graciete atalowa pabwalo, anapeza azakhali ake, Dona Benvinda, akukolezera makoko a kokonati pansi pa uvuni wowambira nsomba. Pawaya panalibe nsomba. Panali zibulumwa za matope, zondandalikidwa bwinobwino ngati makeke, ndipo timatumba take tapulasitiki tinali titachapidwa ndi kuyanikidwa pachingwe.

"Azakhali, mwatani?"

"Ndakuumitsira, mwana wanga. Si unanena kuti ku Quelimane akawaumitsa mu uvuni? Nanga ife uvuni tilibe? Komanso fungo lake lija, ngati mazira owola."

Graciete anayandikira uvuniwo. Sabata yonse anakhala akumira mpaka m'ntchafu m'nkhalango ya mangali, mitengo yomera m'matope a m'mbali mwa nyanja, kukhoma paipi pansi ndi kutulutsa dothi. Mabowo khumi ndi awiri, bowo lililonse timatumba take tolembedwa kuya kwake. Ku labotale akanayeza kaboni wosungika m'dothilo. Kaboni akapezeka wambiri, boma likanateteza nkhalangoyo. Apo ayi, malowo ankapita kwa kampani yamchere, ndipo nkhanu zimene zinamulera Graciete zikanathera pomwepo. Dothilo linkafunika kufika m'tauni mawa lake masana.

Graciete anatola chibulumwa chimodzi. Chala chake chinada ndi mwaye.

"Utsi ndi kaboni, azakhali. Mwathira mchere m'ndiwo zimene anthu akufuna kulawa ngati zili ndi mchere. Ndipo sindikudziwanso kuti ili ndi la bowo liti."

Saíde, mwini bwato amene ankamuyendetsa, anali atatsamira mtengo wa kokonati akumvetsera. "Nanga vuto lili pati, mlongo? Akufuna kaboni wambiri, amayiwa awonjezera. Longedza, lemba manambala ako, tizipita. Azungu a m'labotale samanunkhiza dothi."

Kunena zoona, mtima wa Graciete unavomera. Ndani akanamuneneza? Koma ankadziwa kuti chaka chamawa kudzabwera ena kudzakumba pomwepo. Manambala akadzasiyana, mudzi wonse udzatchedwa wabodza, ndipo palibe amene adzaumverenso.

"Sindingatumize," anatero, misozi ikutsika. "Ndalephera, basi."

Dona Benvinda sanali munthu wopepesa. Moyo wake wonse sanapepesepo ngakhale kwa malemu mwamuna wake. Anayang'ana mwana wa mchimwene wakeyo, kenako dengu la nsomba zam'mawa zimene zinkadikira moto.

"Madzi akatayika sawoleka," anatero. "Koma matope sanathe m'nyanja muno. Saíde, madzi aphwa liti?"

"Pompano. Koma abweranso pakatha maola anayi okha, mayi. Ntchito ya sabata imeneyo."

"Ya sabata kwa inu amuna, oyenda m'matope ngati mwavala suti. Kaitane anzanga Zefa ndi Carlota, uwauze asiye nkhanu lero."

Anapita. Azimayi atatuwo ankayenda m'matope ngati pamsewu, akukhoma paipi mosinthana, Graciete akudula dothi ndi kulemba. Dona Benvinda anachekedwa phazi ndi chigoba, anamanga ndi nsonga ya chitenje n'kupitiriza. Madzi atafika m'chiuno, Saíde anawakokera m'bwato mokakamiza, paipi ili m'manja.

Anakumba mabowo asanu okha.

"Akwana?" anafunsa Dona Benvinda.

"Sindikudziwa, azakhali. A ku labotale anati khumi ndi awiri. Ndikawapempha."

M'mawa mwake Graciete anakwera bwato, chidebe cha timatumba atachikumbatira pamiyendo, papepala atalemba zonse zimene zinachitika. Azakhali ake sanamuperekeze. Anali kuseri kwa nyumba akukumba dzenje, akutsimphina, kukwirira nsomba zija zimene zinawolera m'dengu, chakudya chawo cha mwezi wathunthu.