Nkhuku Zonenepa, Mwana Wowonda

Mayi ake a Mzime anabwera kuchokera kusikelo ali ndwii, khadi la mwana lili m'manja. Kwa miyezi itatu mzere wa pakhadipo sunakwere. Mzime anali ndi zaka ziwiri, koma tsitsi lake linali litayamba kufiira, ndipo ankangokhalira kulira kumbuyo kwa mayi ake.

"Abambo ake, kusikelo akuti mwanayu sakudya mokwanira," anatero mayiwo. "Akapitirira chonchi amugoneka kuchipatala."

Amuna awo anthu ankawatcha a Kholalanga, chifukwa nkhani iliyonse, kaya ya mvula kaya ya mpira, ankaikhotetsera kukhola lawo la nkhuku. Atamva mawuwo, anadzuka pampando.

"Sakudya mokwanira? Pakhomo pano? Matumba a chimanga afika kudenga! Mlangizi wa kusikeloko abwere adzaone ndi maso ake."

Mlangizi wa zaumoyo, mayi wansangala woyenda panjinga, anabweradi m'mawa mwake. Anawapeza a Kholalanga atanjuta pakhomo la khola, akusakaniza chakudya cha nkhuku m'beseni. Matumba a chimanga aja sanawafunse n'komwe.

"Koma ndiye nkhuku zokongola, bambo! Mumazipatsa chiyani?"

Apa ndiye anakanda poyabwa. A Kholalanga anaiwala kuti anali okwiya.

"Awa ndi madeya. Uyu ndi soya wokazinga, ndimalima ndekha. Izi ndi nsomba zouma zosinja. Masana ndimaziponyera masamba."

"Bwanji osangozipatsa madeya okhaokha? Si zikhuta?"

"Aaa, mayi, mukufuna kundiphera nkhuku? Kukhuta zikhuta, koma nthenga zithothoka, mazira osaikira. Nkhuku imafuna zosiyanasiyana."

"Mwanena zoona. Nanga Mzime wadya chiyani m'mawa uno?"

"Phala."

"La chiyani?"

"La ufa wa chimanga."

"Dzulo?"

"Phala lomwelo."

"Dzana?"

A Kholalanga anayang'ana m'beseni, n'kuyang'ana mwana. Akazi awo, amene ankamvetsera ali pakhonde, analephera kupirira, anaphulika kuseka.

"Auzeni, amlangizi! Mazira onse amapita kumsika. Ine ndikati nditenge limodzi, akuti ndachepetsa thireyi. Soya ndi wa nkhuku, mtedza ndi wogulitsa. Pano kubadwa nkhuku n'kwabwino!"

Mlangizi anaseka nawo, kenaka anafotokoza modekha. Chimanga chimapatsa mphamvu, koma pachokha sichikulitsa mwana. Thupi limafunanso mazira kapena nsomba, nyemba, soya kapena mtedza, masamba, zipatso ndi mafuta pang'ono.

"Simukufunika kupita kusitolo," anatero. "Zambiri mwa izi mumalima kale. Kungoti zimatulukira pachipata osadzera kukhitchini."

Manyazi anawagwira a Kholalanga, komanso mantha, poti mwana wawo ankamukonda kwambiri. Analowa m'khola n'kutuluka ndi mazira awiri otentha.

"Wakutsina khutu ndi mnansi," anatero. "Amayi ake, ikani madzi pamoto."

Kuyambira tsiku limenelo, mazira oyamba kutoledwa ankalowa m'nyumba, otsala ndiwo ankapita kumsika. Soya ndi mtedza anazigawa pawiri, ndipo mayi ankasinja zina n'kumathira m'phala. Kuseri kwa khitchini anakumba kadimba ka masamba, tomato ndi maungu. Manyowa anachokera kukhola, madzi anali otsala potsuka ndiwo. Masamba atachuluka, ena anawayanika pamthunzi kusungira chilimwe. Mapapaya a kumpanda, amene kale ankangodyedwa ndi mbalame, anayamba kufika pambale.

Poyamba Mzime ankalavula masamba. Bambo ake sanagonje. Ankakhala naye pamphasa, supuni m'manja, akumuimbira nyimbo zopanda mutu mpaka mbale kuyera. Anansi ankasuzumira pampanda n'kumaseka.

Patapita miyezi itatu, a Kholalanga anamunyamula okha mwanayo kupita kusikelo. Pamzere wonse mwamuna anali iwo okha, koma analibe nazo ntchito. Mlangizi anayang'ana sikelo, analemba pakhadi, kenaka anawomba m'manja.

"Wakwera, bambo! Zachipatala zija iwalani."

Asanamalize n'komwe, Mzime anapulumuka m'manja mwa bambo ake n'kuthamangira mpira wa ana ena pabwalo. A Kholalanga anamuthamangitsa mpaka kupuma wefuwefu, azimayi onse akufa nazo kuseka.

"Kamwana aka kandithyola msana!" anatero, misozi yachimwemwe ili m'maso.

Alimi anzathu, kudzaza matumba n'kwabwino, koma kukhuta kokha sikukulitsa mwana. Tiyeni tilime zakudya zamitundumitundu, ndipo tisanapite nazo kumsika, tiyambe tapatula za ana athu.