Wotchi ya Malemu Limbani

Panali chinthu chimene Talandira sanauzepo munthu, ngakhale amayi ake: laputopu ya malemu achimwene ake, a Limbani, inali ikuyendabe.

Yeniyeniyo inafa kalekale. Koma atalemba mayeso a Folomu 4 n'kuyamba maphunziro a makompyuta pafupi ndi Dzaleka, Talandira anakopera zonse za m'kati mwake n'kuziika m'kompyuta ya m'kalasi, kuti iziyenda m'mimba mwa inzake. Aphunzitsi ake, a Andireya, kompyuta yotereyi ankaitcha mlendo, yaikuluyo mwininyumba.

A Andireya anaphunzitsa kalasi yonse kuti purosesa, ubongo wa kompyuta, ili ndi kabelu kolira kambirimbiri pa sekondi. Kakalira, mlendo amaimitsidwa kaye, mwininyumba n'kulandira belulo n'kumupatsira, ndipo mlendo amadziwira nthawi pamenepo. Mlendo akagonekedwa, mabelu amaunjikana pakhomo. Akadzuka, mwininyumba angathe kumupatsa onse, kapena kuwataya.

Talandira anasankha zotaya. Choncho wotchi ya mlendoyo inkayenda pokhapokha iye akamudzutsa, ndipo ankamudzutsa pang'ono chabe, ngati munthu wonyambita shuga. Kumudzi ku Chezi anali atathyola fodya kawiri, koma m'katimo linali likadali Loweruka lija la dzinja. Phiri la Ntchisi lili pa sikirini, nkhungu ili m'khosi. Nyimbo ya kwaya itaima pakati, pomwe a Limbani anaiimitsa amayi atawaitana kukasoka fodya ku chigafa, iwo n'kutuluka akuimbabe besi yawo yosokonekera ija.

Masana ena a Andireya anaima kumbuyo kwake.

"Iwe Talandira, mlendo wakoyu ali chaka chiti? Ngakhale minibasi yodikira kudzaza sichedwa chonchi!"

Anzake anaphulika ndi phwete. Iye anangoyang'ana zikhadabo zake.

"Tasendera ndikukonzere. Ndilembe mzere umodzi basi, ameze mabelu ake onse, afike lero ngati anzake."

A Andireya anakoka mpando. Talandira anadziwa kuti akangodina, masiku onse aja adutsa kamodzi: ulendo wa kuchipatala, maliro, nyumba yazii. Dzanja lake linapita lokha n'kuphimba kiyibodi.

"Aphunzitsi, musakonze."

"Ukuti bwanji? Takweza mawu, mwana iwe."

Talandira anakweza mawu.

"Sinawonongeke ayi. Ndinachita dala. Ndi ya achimwene anga, anatisiya. Umu likadali Loweruka, aphunzitsi, ndipo sanayambe kudwala."