Mariveti Obisika Pansi pa Penti

Namzeze anali atalowetsa mkono wonse m'phiko lakumanzere, tsaya litagunda lata lozizira, pamene zala zake zinakhudza chinthu chachilendo.

Iye ankangofuna kasipanala kamene kanagwera m'kati. Koma mariveti olumikizira malata a ndege yaing'onoyi ankawadziwa onse. Kukhoma riveti yolimba kumafuna anthu awiri: wina kunja ndi mfuti yokhomera, wina m'kati atatsamiza chitsulo cholemera kuti mchira wa rivetiyo uphwatalale. Wam'katiyo nthawi zonse anali iyeyo. Wakunja anali Chipewa, chibwenzi chake, mmisiri wokonza magalimoto. Michira yonse yomwe anakhomera limodzi inali yosalala ngati mabatani. Koma apa, pa mtanda womwe umanyamula phiko lonse, panali timichira totupa ngati njerewere.

Anatulutsa mkono, n'kutenga mpeni, n'kuyamba kupala penti yofiira. Pansi pa penti panali phala lomatira magalimoto ophwanyika. Pansi pa phala panali timitu ta mariveti okoka, aja a kabowo pakati, amene munthu amaika ali yekha pokonza ndowa.

Chitseko cha shedi yomwe ankapangiramo ndegeyo chinalira. Chipewa analowa akuimba mluzu, atanyamula matayala awiri.

"Woyendetsa ndege wanga! Ukuchotseranji penti? Kodi mtunduwo wakutopetsa kale? Ndiye ine udzandisunga zaka zingati?"

Namzeze sanaseke. Analoza ndi nsonga ya mpeni.

"Awa anaika ndani?"

Mluzu uja unathera pomwepo. Chipewa anatsitsa matayala pang'onopang'ono ngati mazira.

"Ndi ochepa okha, mami. Phiko lonseli ladzaza mariveti. Amenewo angalilepheretse kuuluka?"

"Ndakufunsa kuti anaika ndani."

"Ndine."

"Liti?"

"Sabata ija unapita kukalemba mayeso."

Namzeze anaikumbukira bwino sabata imeneyo. Atabwerako, Chipewa anamutseka m'maso ndi manja kuyambira pageti mpaka m'shedi muno. Atamutsegula, anaona phiko lonse likuwala psuu! Tsiku limenelo analira ndi chimwemwe, ndipo anauza anzake onse kuti mwamuna wotere anabadwa mmodzi yekha. Tsopano anazindikira chimene chinachititsa kuti mphatsoyo ibwere mofulumira chonchija.

Anatenga makina oboolera. Anaika nsonga pakati pa kamutu koyamba, n'kuboola mosamala mpaka kanagwa. Chimene chinaoneka sichinali bowo limodzi. Anali awiri olowana ngati mapasa, ndipo limodzi linali litatsala pang'ono kutulukira m'mphepete mwa mtanda. Anachotsa riveti yachiwiri. Bowo lake linali lotalika ngati dzira.

"Makina anatsetsereka," anatero Chipewa, mawu ali pansi. "Ndinati ndikonze, linakula. Ndinati ndiboole pambali, analowana. Ndinatuluka thukuta, Namzeze. Ndinakhala pansi apa mpaka dzuwa kupendeka."

"Ndiye n'chiyani? Ine sindinaphonyepo? Bowo likakula pang'ono timatani?"

"Timaliboola bwino, n'kuikamo riveti yokulirapo."

"Likaonongeka chonchi?"

"Chigamba cha lata lochindikala. Kapena mtanda wina."

"Eya, sukulu yake unakhoza! Ndiye phala la magalimoto linabwera bwanji? Unaiyesa minibasi?"

Chipewa anayesa kumwetulira, koma milomo inakana.

"Chigamba chikanafuna munthu wogwira chitsulo m'kati. Ndikanayenera kukuuza."

"Ndipo pakamwa pako panali patatsekedwa ndi riveti?"

"Unabwera ukuwala, utakhoza mayeso. Unagwira manja angawa pamaso pa mayi ako, n'kunena kuti awa ndi manja osalakwa. Ndikanayambira pati? Ndinati ndidzakonza mwakachetechete tsiku lina ukadzachokapo. Koma sunachokenso."

Namzeze anamuyang'ana nthawi yaitali. Manja akewo anali omwe aja, a zipsera zomwe ankaziwerenga akakhala pansi pa phiko masana, akukambirana za mitambo yomwe adzaione kuchokera pamwamba.

"Ndegeyi ili ndi mipando ingati?"

"Namzeze..."

"Yankha."

"Umodzi."

"Loweruka ikamauluka akhalapo ndani?"

"Iwe."

"Ndipo iweyo ukanaima pabwalo, n'kundimanga lamba, n'kundipsompsona pamphumi, n'kumandibayibitsa. Ukudziwa chimene chili pansi pa penti."

"Ndikanakuletsa! Ndikulumbira, Lachisanu ndikanakuuza."

"Lachisanu liti? Onse apitawa sanali Lachisanu?"

Chipewa anayandikira kuti amugwire phewa. Namzeze anasuntha, n'kuika benchi pakati pawo. Sanakuwe. Anatenga tsache laling'ono n'kusesa tizidutswa ta aluminiyamu pa phiko, ngati kuti ntchito yofunika kwambiri padziko inali imeneyo.

"Bowolo silikundipweteka," anatero. "Ukanandiimbira tsiku lomwelo, ndikanakuseka sabata yonse, kenako tikanakonza. Koma iwe unasakaniza phala, n'kulidikira liume, n'kulisalaza, n'kupenta kawiri. Zonsezo ukundiganizira ine. Ndiye unandiyang'ana ndikulira ndi chimwemwe."

"Ndikhululukire. Mtanda ndiusintha ndekha, wonse."

"Wekha ayi. Pa ndege iyi sudzagwiranso kalikonse uli wekha."

Kunja galimoto inadutsa, malata a shedi n'kunjenjemera pang'ono. Namzeze anayang'ana ndege yonse, kuyambira kumphuno mpaka kumchira. Sabata ija inali yaitali, ndipo penti yofiira sinali pa phiko lokha.

"Ndikufunsa kamodzi kokha," anatero. "Pena ndi pati?"

"Palibe."

"Chipewa."

Maso a mnyamatayo anathawa, n'kukatera kumchira kwa ndege, kamphindi kochepa chabe, asanawabwezere pansi.

Namzeze anagwedeza mutu ngati munthu amene wauzidwa nthawi ya basi. Anavula mphete yachitomero n'kuiika m'chitini cha mariveti ochotsedwa. Kenako anatola mpeni ndi makina oboolera, n'kulowera kumchira.

"Ukamatuluka usatseke chitseko," anatero osacheuka. "Ndikufuna kuwala."