Mano a M'mphepete mwa Chithunzi

Bambo Halvorsen anabwera kushopu kwathu kosindikizira zithunzi ku Duluth ndi zithunzi zisanu zakale za malemu akazi awo, zonse zoyera m'mphepete, zodulidwa ngati mano a sowo. China chinali mufoni, chojambulidwa chaka chatha. Ankafuna zonse zisindikizidwe papepala limodzi lakuda, koma chatsopanocho chisaoneke chachilendo.

"Mukompyutamo muli mano opangiratu," anatero Duane, mnzanga wapantchito. "Ungodina kamodzi, tikadye."

"Pita ukadye wekha, mlesi iwe."

Mano opangiratuwo amafanana onse ngati a chipeso. A zithunzi zakalezo ayi. Mpeni umene unazidula unali wobenthuka, ndiye dzino lachisanu ndi chiwiri lililonse linali lalifupi. Ndinajambula anga limodzilimodzi pakompyuta kuzungulira chithunzi chatsopanocho, ndi kubenthuka komweko, n'kuika kamthunzi pansi pake. Khofi wanga anachita kuzizira.

Lachisanu bambo aja anayang'ana pepalalo nthawi yaitali. Kenako anayamba kukanda pakona pa chithunzi chatsopanocho ndi chikhadabo.

"Mwamata ndi chiyani, mayi? Sichikumatuka."

Ndinayamba ndatembenukira Duane, amene anali kalikiliki kupukuta galasi loyera kale.