Mkono wa Amaury

Chaka chimenecho Atambala, timu yathu ya besibo, masewero omenya mpira ndi ndodo aja, anayamba bwino kwambiri, moti mu Okutobala amuna a mumsewu wathu anali atayamba kale kukangana za njira imene chikho chidzadutse pochizungulitsa m'tauni. Pofika Disembala timu inali ikungogonja, ndipo golosale yanga inasanduka bwalo la milandu. Akaweruka ku fakitale ya shuga ankakoka mipando yapulasitiki, n'kukhala pansi pa TV imene ndinaipachika pamwamba pa firiji, n'kuyamba kuzenga mlandu aliyense, kuyambira kochi mpaka wotchetcha udzu wa pabwalo.

Wapakamwa kuposa onse anali Genaro, chimunthu chachikulu chimene chinkakazinga nyama ya nkhumba pakhonde panga. Chipewa chofiira cha Atambala sankachivula ngakhale pamaliro.

"Omenya tili nawo," ankatero uku akutakasa mafuta. "Besibo yathu chaka chino yafera kwa oponya. Anyamata akuvutika kukupezera zigoli zisanu, iwe n'kubwera kudzagawa zisanu ndi chimodzi ngati maswiti a pa Khirisimasi. Tipita kuti?"

"Vuto ndi kochi," ankayankha Radhamés, wakabaza wa njinga yamoto. "Bambo uja amagona ali chiimire. Maso mumawaona aja ndi ojambula."

"Koma ndime ya matimu anayi tilowa?" wina ankafunsa.

"Tilowa ndithu," ankatero Genaro. "Tilowa ndi matikiti, kukaonera anzathu."

Aliyense ankamudziwa woponya amene Genaro ankamunena, koma dzina silinkatchulidwa, chifukwa pa tebulo la madomino pakona pankakhala Don Nicanor. Bambo ameneyu anadula nzimbe moyo wake wonse, ndipo anali wowonda, wouma gwa, wosalankhulalankhula. Mwana wake Amaury ndi amene Atambala ankamudalira kuponya chigawo chomaliza n'kutseka masewero. Ali mnyamata anatengedwa ndi timu ya ku Amereka, anamangira makolo ake nyumba yosanja ya mawindo agalasi kumapeto kwa msewu wathu, kenako chigongono chinavuta, anamuchita opaleshoni, n'kubwerera kwathu. Chaka chimenecho masewero angapo amene tinali titawagwira kale m'manja anatipulumuka iye ali pakati pa bwalo.

Genaro ndi amene ananyamula Amaury pa ubatizo. Choncho iye ndi Don Nicanor ankatchulana kuti compadre, dzina laulemu la ubale wa pa ubatizo, ndipo pa zaka zonse zimene ndinawadziwa mpaka chaka chimenecho sindinamvepo wina akuuza mnzake kuti iwe.

Masewero omaliza anagwera Lamlungu masana, kwawo kwa timu ya Ankhanu. Nkhani inali yachidule. Tikapambana, talowa. Tikagonja, tatuluka, pokhapokha Njati nazonso zitagonja tsiku lomwelo. Koma Njati zinkasewera ndi timu ya kumchira, ndipo TV itaonetsa pang'ono za kumeneko zinali zitatsogola kale ndi zigoli zambiri. Palibenso amene anaziganizira.

M'golosale munadzaza mpaka mumsewu. Mowa wozizira unatha, anthu anayamba kumwa ramu wosasakaniza, dzuwa likuswa mtengo. Ine ndinali kuseri kwa kauntala, ndikukazinga nthochi ndi salami, diso limodzi pa TV.

Pofika chigawo chomaliza tinali patsogolo ndi zigoli ziwiri. Ankhanu anali ndi othamanga oyembekezera kugoletsa pangodya zonse zitatu za bwalo, koma tinkangofunika kutulutsa womenya mmodzi yekha kuti zithe. Kochi anayenda pang'onopang'ono kupita kwa woponya, n'kumulanda mpira, n'kukodola kumbali. Amaury anatulukira akuthamanga.

"Ayi!" anakuwa Genaro. "Ayi, ameneyo ayi! Bola aponye mkazi wanga!"

Anthu anaseka, koma kuseka kwake kunali kwa mantha. Don Nicanor sanacheuke.

"Khalani pansi, compadre," anatero. "Mukutitchinga."

Amaury anaponya, womenya anaphonya. Anaponyanso, anaphonyanso. Akaphonya kachitatu, watuluka. Golosale yonse inaimirira. Radhamés anandigwira dzanja pamwamba pa kauntala mpaka mphete inandilowa m'chala. "Kamodzi kokha, Belkis," ankanong'ona. "Kamodzi kokha, Mulungu wanga."

Wachitatu tinangomva kuti phaa! Amaury sanatembenuke n'komwe kuti auone. Mpira unakwera, unakwera, n'kukagwera kunja kwa mpanda, pakati pa masapota a Ankhanu amene anali akugwerana ndi chimwemwe. Zigoli zinayi nthawi imodzi. Masewero anathera pomwepo.

Kenako botolo linadutsa pamwamba pa mutu wanga n'kukaphulika pa TV. Magalasi anagwera m'chiwaya changa, mafuta anandithovukira pamkono.

"Genaro! Wapenga?" ndinakuwa.

Sanandimve. Anali ataima pamaso pa Don Nicanor, chifuwa chikukwera n'kutsika.

"Mwaona, compadre? Mwaona zimene wachita mwana wanu? Miyezi itatu tikukunyengererani muno, tikumeza mawu. Mkono uja unavunda kalekale. Aku Amereka anautaya, ife n'kukautola kudzala."

Don Nicanor anasonkhanitsa madomino ake pang'onopang'ono.

"Mwana ameneyo munamunyamula ndi manja anu kutchalitchi," anatero.

"Ndikanadziwa ndikanamugwetsa pansi."

Don Nicanor anaimirira. Anali wamfupi moti chipewa chake chinkalekeza pachibwano cha Genaro.

"Bwerezaninso."

"Wandimva iwe," anatero Genaro. "Iwe ndi mwana wako wakubayo. Wagulitsa masewero."

Chibakera cha Don Nicanor chinatera pakamwa penipeni. Genaro analavula magazi, n'kumugwira mdalayo pakhosi, n'kumuponyera pa tebulo. Tebulo linathyoka miyendo, madomino anamwazikira pansi pa firiji. Asanadzuke, Genaro anamuponda m'nthiti kawiri. Radhamés ndi amuna ena awiri anamulumphira kumsana n'kumukokera panja.

Don Nicanor anadzuka yekha. Pamwamba pa diso panali patang'ambika, magazi akutsikira m'kolala ya malaya ake oyera a kutchalitchi. Ndinamupatsa kansalu, anakana. Anatola chipewa chake n'kuyamba kuyenda kupita kwawo, atagwira m'nthiti.

Zikanathera pomwepo. Koma mawu oti wagulitsa masewero anali atatuluka kale, ndipo mumsewu munali anthu oledzera ambirimbiri opanda poti atulire mkwiyo wawo. Wina anati anamuona Amaury akudya ndi bwana wa Ankhanu kulikulu la dziko, ku Santo Domingo. Wina anati galimoto yake yatsopano ija inachokera kumeneko. Palibe amene anaona kanthu, koma pasanapite nthawi aliyense anali ataona. Gulu linayamba kutsetsereka kulowera kunyumba yosanja ija, Genaro ali patsogolo, m'manja muli chitsulo chake chachitali chotakasira nkhumba m'mafuta.

Ndinatseka chitseko n'kuwathamangira, epuloni ili m'chiuno.

"Bwererani! Muli makolo ake okha m'nyumba mmenemo!"

"Pita ukagulitse mchere, Belkis," wina anandiyankha.

Mwala woyamba unagunda geti. Wachiwiri unaswa windo la m'mwamba. Kenako inangokhala mvula. Amuna amene anadya nawo phwando tsiku lotsegulira nyumba imeneyo ankazula miyala ya m'mphepete mwa msewu n'kumaswa windo limodzi limodzi, akukuwa kuti, "Wakuba! Wakuba!" Doña Yocasta, mayi ake a Amaury, anatulukira pakhonde la m'mwamba atakweza manja. Sindikudziwa chimene ankafuna kunena. Chidutswa cha njerwa chinawapeza patsaya, anagwada, n'kugwera kuseri kwa zitsulo za khonde.

Geti linatseguka. Don Nicanor anatuluka atavula malaya, chikwanje chake chakale cha kumunda chili m'manja.

Gulu linabwerera m'mbuyo, koma osati onse. Mnyamata wina wa ku fakitale anali akuweramira mwala. Don Nicanor anamumenya kumsana ndi mbali yophwatalala ya chikwanje, kulira kwake ngati mfuti. Mnyamatayo anagwa chafufumimba n'kukwawa kulowa pansi pa galimoto. Wachiwiri chinamupeza pantchafu, wachitatu paphewa. Mdalayo ankangoyenda, kumenya, kuyenda, ngati ali mumzere wa nzimbe.

Amene sanasunthe anali Genaro.

"Bwera, nkhalamba iwe," anatero, mano ali ofiira. "Tione ngati mkono wako uli bwino kuposa wa mwana wako."

"Compadre, chokani pakhomo panga."

Genaro anazunguza chitsulo ndi manja awiri. Chinatera pakati pa khosi ndi phewa, ndipo ndinamva fupa likuthyoka ndili patali. Don Nicanor anagwada bondo limodzi. Genaro anakwezanso chitsulo, ulendo uno akuloza mutu. Apo ndi pamene mdalayo anatembenuza chikwanje m'dzanja. Chinakwera kuchokera pansi, kuthwa kuli kutsogolo. Genaro anaika dzanja lamanzere kuti atchinge nkhope.

Sanalire msanga. Anayang'ana dzanja lake ngati la munthu wina. Zala ziwiri zinali pafumbi, chachitatu chikulendewera ndi khungu. Magazi ankatumphuka motsatira kugunda kwa mtima, mpaka anandithira pa siketi. Kenako anakuwa, kukuwa kwa nkhumba zake zomwe, n'kukhala pansi pakati pa msewu.

Anthu anabalalika. Ine ndinavula epuloni n'kumukulunga dzanja, n'kumanga zingwe zake pamkono mwamphamvu mmene ndikanathera. Radhamés anathamangira njinga yake.

Tili pomwepo tinamva mahutala. Poyamba ndinayesa apolisi. Koma zinali njinga zamoto, zambirimbiri, zikuchokera kumsika, mbendera zofiira zili petupetu, akazi akumenya mapoto ndi masipuni.

"Talowa! Talowa! Njati zagonja!"

Timu ya kumchira ija inali itabweza zigoli zonse m'chigawo chomaliza. Tauni yonse inaonera. Ife tokha, a mumsewu wathu, ndi amene tinalibe TV.

Njinga zoyambirira zitafika pa nyumba ya mawindo oswekayo zinaima. Mnyamata wina wopenta nkhope yofiira anayang'ana Don Nicanor ali chogwada ndi chikwanje, anayang'ana Genaro, anayang'ana zala pafumbi. Wezulo imene ankaimba inagwa pakamwa pake.

"Kodi kwachitika chiyani kuno?" anafunsa.

Tinamukweza Genaro pakati, Radhamés kutsogolo, ine kumbuyo nditamukumbatira kuti asagwe, dzanja lake nditalikweza m'mwamba. Msewu wa kuchipatala unali utadzaza ndi anthu ovina. Ataona chipewa chofiira ndi dzanja lokwezedwa lokulungidwa nsalu imene inafiira ndi magazi, ankaganiza kuti tikusangalala nawo. Ankatimenya kumsana, ankatithira mowa. Mayi wina anamupsompsona Genaro patsaya.

"Patukani!" ankakuwa Radhamés. "Munthu akufa uyu!"

"Tonse tikufa, m'bale wanga!" wina anayankha. "Atambala!"

Genaro anakomoka tisanafike pa geti la chipatala, ndipo kulemera kwake kunatsala pang'ono kutigwetsa tonse atatu.

Don Nicanor ndi Doña Yocasta anabwera nawo pa galimoto ya aneba. Mayiwo anawasoka tsaya, koma diso la kumanzere silinaonenso. Mdalayo anamumanga phewa, wapolisi atakhala pafupi ndi bedi lake. Anamugoneka chipinda chimodzi ndi Genaro, pakati pali nsalu yotchinga basi.

M'mawa mwake ndinawatengera khofi ndi buledi. Ndinapeza Amaury ataima m'khonde la chipatala, wamtali, maso ofiira, akadali ndi chikwama cha timu paphewa. Anali atadutsa kale kunyumba.

"Doña Belkis, anali ndani ndi ndani?" anandifunsa.

"Msewu wonse, mwana wanga."

"Ndi atate anga a ubatizo omwe?"

Ndinangoloza chitseko. Analowa, ine pambuyo pake. Anapsompsona bambo ake pamphumi, kenako anakoka nsalu yotchinga ija. Genaro anali maso, nkhope yotuwa, dzanja lili m'mabandeji mpaka m'chigongono. Genaro anatsegula pakamwa.

"Akuti talowa," anatero.

"Talowa," anatero Amaury.

"Lachiwiri ayamba kuponya ndani?"

Amaury anabweza nsaluyo mwakachetechete n'kukhala pabedi la bambo ake.

Mu ndime ya matimu anayi Amaury anaponya bwino kuposa chaka chonse, koma Atambala anathera pa nambala yomaliza, chifukwa ulendo uno omenya ndi amene anagona. Mlandu wa Don Nicanor sunapite patali. Genaro anauza apolisi kuti sakumbukira chilichonse, ndipo mumsewu wonse simunapezeke mboni, poti aliyense amene anaona chikwanje anali ataponyako mwala. Mu Febuluwale Amaury anabwera ndi lole, anapakira katundu wa makolo ake n'kupita nawo ku Santo Domingo. Nyumba ija anagula dokotala wa mano, amene anaika zitsulo m'mawindo onse.

Genaro anayesa kubwerera pakhonde panga, koma ndinamuuza kuti akapeze malo ena. Pano amakazinga nkhumba kuseri kwa depoti ya mabasi, ndipo mkazi wake ndi amene amamudulira nyama.