Kudikira Atsibweni

Anthu anali akuwombabe m'manja pamene Dokotala Lameck Chikuse anatsika pansanja ku Nsaru. Anali atalankhula bwino, ndipo mwiniwakeyo ankadziwa. Monga mkulu woyang'anira za uchembere m'dera lonselo, anali atawatsuka m'makutu mafumu ndi akuluampingo: mayi woyembekezera akayamba kudwala, asamadikire mawu a munthu amene ali kutali.

Anayatsa foni imene anaithimitsa m'mawa. Mlongo wake Tabita anali atayimba kambirimbiri, ndipo mwana wa Tabitayo, Mwayi, anali kuchidikiro cha amayi oyembekezera pachipatala chaching'ono cha kwawo, cha ku Kabudula.

Atayimba, anayankha ndi namwino.

"Adokotala, ndine Loyce. Mwayi wayamba kudwala, koma mwana wagona chopingasa. Akufunika opaleshoni ku tauni. Ambulansi yafika kalekale, koma amayi ake akukana."

"Akukana chifukwa chiyani?"

"Akuti mwini mbumba sanalankhule."

"Mwini mbumba wake uti wopanda nzeruyo?"

Loyce anafunsa motsitsa mawu: "Kodi atsibweni ake si inu?"

Lameck anakuwa: "Apatseni foniyo amayi akewo!" Atamva mawu a Tabita, sanapereke n'komwe moni. "Kwerani ambulansi pompano! Pitani!"

Galimoto yake inauluka pamsewu wafumbi. Lameck ankawerengera m'mutu zimene zimachitikira chiberekero mwana akakanirira nthawi yaitali, ndipo kudziwa zambiri kunamuwonjezera mantha. Nkhani za amayi ofa chifukwa chochedwa ankazifotokoza m'misonkhano chaka ndi chaka, ngati za anthu ena. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Kuchipatala cha ku tauni anapeza Mwayi atalowa naye kale m'chipinda cha opaleshoni. Tabita anali atakhala pansi m'khonde, atatambasula miyendo, maso ali gwa pachitseko.

"Mwachita chiyani, Tabita? Munthu wamkulu ngati inu!"

"Musandikalipire, achimwene," anatero Tabita. "Pamaliro a bambo ake a Mwayi aja munati chiyani, abale onse akumva? Munati, 'Ana awa chilichonse chisachitike ine ndisanamve.' Eti? Nditamusamutsa sukulu osakuuzani, munandinyanyalira mpaka Khirisimasi. Ndiye lero ndikanamupereka ku mpeni ndekha?"

"Nanga mwamuna wake?"

"A Gilbert ndi mkamwini. Anganene chiyani pa mbumba ya eni?"

"Mwayi mwiniwake anati chiyani?"

Tabita anagwetsa nkhope. "Anati tipite. Ndinati dikira pang'ono, atsibweni ako ndi dokotala, ayankha posachedwa."

Mawu a pamaliro aja Lameck ankawakumbukira bwino. Anawalankhula atavala suti, ndipo anthu anamuyamika kuti ndi malume wodziwa udindo. Iye anawasiya komweko n'kubwerera ku tauni. Tabita ndiye anawasunga.

Anayendayenda m'khondemo. Anamwino odutsa ankamupatsa moni waulemu, koma ulemu sunathe kumutsegulira chitseko chija. Wachibale, kaya ndi bwana, amadikira kunja.

Kenako anatuluka dokotala wamkazi, akuvula chotchinga pakamwa.

"Bwana, mayi tamupulumutsa. Wataya magazi ambiri, koma achira." Anayang'ana pansi. "Mwana ndiye ayi. Akanafika m'mawa..."

Sanamalize, ndipo Lameck sanafune kuti amalize. Tabita anadziphimba kumutu ndi chitenje n'kuyamba kulira chapansipansi.

Madzulo dzuwa litapendeka, anawalola kulowa. Mwayi anagona ali lefu, milomo itauma. Foni ya Lameck inalira m'thumba: anali wina wa ku Nsaru, mwina wofuna kumuthokoza chifukwa cha mawu amphamvu aja. Anaisiya ilire mpaka inatopa.

Mwayi anatsegula maso pang'onopang'ono. Atamuzindikira, anayesa kudzuka kuti apereke ulemu, koma Lameck anamugwira paphewa.

"Atsibweni, mwabwera?" ananong'ona. Munalibe mkwiyo m'mawu akewo, ndipo n'chimene chinamupweteka Lameck koposa. "Tinakudikiranitu."

Dokotala Chikuse anagwada pambali pa bedi, malo amene sanagwadepo chiyambire ntchito yake.